Kodi mumadziwa? Database imamangidwa potsata mafunso amene idzafunsidwe

Kodi mumadziwa kuti imodzi mwa ma database akale kwambiri amene akugwirabe ntchito lero inayamba chifukwa cha ulendo wa kumwezi? Mu 1966 kampani ya IBM inagwirizana ndi makampani a North American Aviation ndi Caterpillar kuti apeze njira yosungira mndandanda wa zipangizo za chombo cha Apollo ndi roketi ya Saturn V. Zipangizozo zinali mamiliyoni, koma funso limene mainjiniya ankafunsa tsiku ndi tsiku linali limodzimodzi: m'chigawo ichi muli tizigawo titi, nanga m'kachigawo aka muli zitsulo ziti? Omanga anatenga funso lomwelo n'kulisandutsa kamangidwe ka database. Chigawo chachikulu chinakhala kholo, tizigawo ta m'kati mwake tinakhala ana, anawo nawo n'kukhala ndi ana awo, mpaka kufika pa bawuti. Inayamba kugwira ntchito pa 14 Ogasiti 1968 ku Downey, ku California, ndipo pambuyo pake inapatsidwa dzina lakuti IMS. Mabanki akuluakulu ndi makampani a inshulansi ambiri akuidalirabe, patadutsa zaka zoposa 50.

Liwiro la IMS lili pa kutsika, kuchoka kwa kholo kupita kwa mwana. Mukatembenuza funso n'kunena kuti bawuti iyi ikupezeka m'zigawo ziti, njira imene inalambulidwa sikuthandizani. Kompyuta iyenera kuyendera nthambi zonse, apo ayi omanga awonjezere njira ina yapadera ya funso lachiwirilo. Nkhani yonse ya kamangidwe ka database yagona pamenepa: mukakonzera bwino funso limodzi, mafunso ena amalipira.

Kodi mumadziwa kuti njira yogulira matikiti a ndege pa kompyuta inayambira pa macheza a anthu awiri amene anakhala moyandikana m'ndege? Mu 1953 C. R. Smith, mkulu wa American Airlines, anakumana ndi R. Blair Smith, wogulitsa makina a IBM, pa ulendo wochokera ku Los Angeles kupita ku New York. Nthawi imeneyo mipando ya m'ndege inkasungidwa pa timakhadi timene makalaliki ankalemba pamanja. Zimene anakambirana zinabala SABRE, imene inafika pogwira ntchito mokwanira mu 1964 pa makompyuta awiri a IBM 7090 ku Briarcliff Manor, ku New York. Chosowa cha ntchitoyo chinali chodziwika bwino: wogula ali pafoni, akudikira, ndipo mpando umodzi usagulitsidwe kwa anthu awiri. Choncho dzina la munthu, ulendo wake ndi nambala yake ya foni anazimanga mtolo umodzi, woti kalaliki autenge wonse nthawi imodzi. Kanambala ka zilembo zosakaniza kamene mumapatsidwa mukagula tikiti ya ndege lero ndi kiyi wa mtolo wotere.

Kodi mumadziwa kuti panali nthawi imene wolemba pulogalamu ankayenera kudziwa pamtima njira zonse za m'kati mwa database? Charles Bachman, injiniya wa kampani ya General Electric, anapanga IDS chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 1960 pofuna kuthandiza ntchito za m'mafakitale. Mu IDS cholembedwa chilichonse chinkaloza chinzake: wogula ankaloza oda yake yoyamba, oda yoyamba inkaloza yachiwiri, choncho mpaka yomaliza. Pulogalamu inkayenda yokha m'njirazo, phazi ndi phazi. Bachman analandira mphotho ya Turing mu 1973, ndipo m'nkhani imene anakamba polandira mphothoyo anayerekeza wolemba pulogalamu ndi wotsogolera chombo panyanja. Njira yake inali yachangu pa makina ofooka a nthawiyo. Koma munthu akasintha kakonzedwe ka deta, mapulogalamu onse odutsa njira imeneyo ankafunika kulembedwanso.

Kodi mumadziwa kuti munthu amene anatembenuza maganizo amenewa anali woyendetsa ndege za nkhondo? Edgar F. Codd anabadwira ku England mu 1923, anaphunzira masamu ku Oxford, anayendetsa ndege za Royal Air Force pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, kenako n'kukalowa ntchito ku IBM. Mu Juni 1970, ali ku San Jose, anatulutsa nkhani ya masamba 11 m'magazini ya Communications of the ACM. Mfundo yake inali yakuti munthu wofunsa database asavutike kudziwa mmene deta yagonera m'makina. Zonse zisungidwe m'matebulo, mzere uliwonse ukhale mfundo imodzi yoona, ndipo matebulo azilumikizana kudzera m'zimene zalembedwamo, monga nambala ya wogula. Wofunsa anene chimene akufuna, kompyuta ipeze yokha njira.

Chimene Codd anaona, ndipo ine ndimachiona kuti n'chachikulu kuposa masamu ake onse, n'chakuti deta imakhalitsa kuposa pulogalamu. Pulogalamu ya malipiro imalembedwa, imatha, ina imabwera, koma mayina a antchito ndi zaka zimene agwira zimafunikabe tsiku lowerengera penshoni. Mukamanga deta mogwirizana ndi pulogalamu ya lero yokha, pulogalamu ya mawa idzapeza khomo lotseka. IBM sinathamangire ganizo la Codd, poti IMS inali kale pa msika ndipo inkabweretsa ndalama. Codd analandira mphotho ya Turing mu 1981 ndipo anamwalira mu 2003.

Kodi mumadziwa chifukwa chimene akatswiri amakanira kulemba mfundo imodzi pawiri? Taganizirani za sukulu imene ikusunga mayina a ophunzira 800. Pa mzere wa mwana aliyense alembapo dzina lake, kalasi yake, dzina la mphunzitsi wa kalasiyo ndi nambala ya foni ya mphunzitsiyo. Pulogalamu yosindikiza malipoti ikusangalala, chifukwa zonse zili pamodzi. Tsiku lina mphunzitsi wa Sitandade 5 wasintha nambala. Nambala ija inalembedwa pa mizere 90, kalaliki wakonza 70, yatsala 20. Tsopano database ili ndi mayankho awiri pa funso limodzi, ndipo palibe chosonyeza lolondola. Pali vuto lina lobisika: mphunzitsi watsopano amene sanapatsidwe kalasi alibe polembedwa, chifukwa aphunzitsi amangopezeka pa mizere ya ana. Mankhwala ake, amene Codd anafotokoza mu 1970 ndi 1971 ndipo akatswiri amawatchula kuti normalisation, ndi kugawa: tebulo la ophunzira palokha, la makalasi palokha, la aphunzitsi palokha. Nambala ya foni ikhale malo amodzi, ikasintha isinthe kamodzi. Mtengo wake ndi wakuti posindikiza lipoti kompyuta iyenera kulumikiza matebulo atatu, ndipo kulumikizako kumadya nthawi. Pa ana 800 nthawiyo simungaione n'komwe. Pa anthu 800 miliyoni imaoneka, ndipo tifikako.

Kodi mumadziwa kuti mbali ziwirizi zinakumanapo maso ndi maso? Mu 1974 ku Ann Arbor, ku Michigan, Codd ndi Bachman anachita mtsutso pamaso pa akatswiri anzawo. Chaka chomwecho Donald Chamberlin ndi Raymond Boyce a ku IBM anafotokoza chinenero chofunsira matebulo chimene lero timachidziwa kuti SQL. Boyce anamwalira chaka chomwecho asanakwanitse zaka 30, osaona kumene ntchito yake inakafika. Ku yunivesite ya California ku Berkeley, Michael Stonebraker ndi Eugene Wong ankamanga Ingres pa maziko omwewo. Kampani yaing'ono ya Larry Ellison, Bob Miner ndi Ed Oates, imene inayamba mu 1977, inawerenga zimene IBM inkasindikiza n'kutulutsa Oracle mu 1979, IBM isanayambe kugulitsa yake. Pofika m'ma 1980 matebulo anali atapambana pa msika.

Kodi mumadziwa kuti musanakhudze kompyuta pamafunika pepala ndi pensulo? Mu 1976 Peter Chen anafotokoza njira yojambulira zinthu zimene ntchito imakamba, monga wodwala, dokotala ndi mankhwala, pamodzi ndi maubale a pakati pawo. Funso lofunika kwambiri pa chojambulacho ndi lakuti: chimodzi kapena zambiri? Kodi mlimi ali ndi munda umodzi, kapena angakhale ndi ingapo? Kodi munda ungakhale wa anthu awiri? Yankho lake silili m'buku la kompyuta. Ali nalo ndi mlangizi amene amayenda m'mindamo.

Kodi mumadziwa kuti database ingapeze mzere umodzi pakati pa mizere 1 biliyoni itangoyang'ana malo anayi kapena asanu? Chinsinsi chake ndi index ya mtundu wa B-tree, imene Rudolf Bayer ndi Edward McCreight anatulukira akugwira ntchito ku Boeing cha m'ma 1970. Tsamba loyamba limaloza masamba mazana angapo, lililonse la amenewo limalozanso mazana ena. Ngati tsamba lililonse likuloza masamba 200, kutsika kanayi kokha kukufikitsani pa malo 1.6 biliyoni. Apa ndi pamene zosowa za pulogalamu zimalowera popanda kuwononga matebulo. Mwini golosale amaika shuga, sopo ndi mchere pafupi ndi dzanja lake chifukwa amadziwa zimene anthu amafunsa kawirikawiri, ndipo womanga database amaikanso index pa zimene pulogalamu imafunsa kawirikawiri. Ngati anamwino amafufuza odwala ndi dzina, index ikhale pa dzina. Ngati amafufuza ndi nambala, ikhale pa nambala. Koma index iliyonse iyenera kukonzedwa nthawi zonse pamene mzere watsopano walembedwa, choncho mukaika zambirimbiri kuwerenga kumafulumira, kulemba n'kumachedwa.

Kodi mumadziwa kuti disiki yoyamba kugulitsidwa sikanakwanitsa kusunga zithunzi zitatu za foni yanu? IBM 350, imene inabwera ndi kompyuta ya RAMAC mu 1956, inali ndi mbale 50, iliyonse yotambalala masentimita 61, ndipo zonse pamodzi zinkasunga zilembo 5 miliyoni. Khadi lobowola limene makompyuta ankawerenga linali ndi malo a zilembo 80 okha. Pa umphawi wotere wa malo, kulemba chaka cha 1965 ngati 65 kunali nzeru, ndipo mapulogalamu a nthawiyo sankafuna zoposa apo. Bob Bemer, mmodzi mwa anthu amene anakonza zilembo za ASCII, anachenjeza poyera mu 1971 kuti chaka cha 2000 chidzaoneka ngati 1900. Ochepa anamvera, chifukwa ankaganiza kuti mapulogalamuwo adzakhala atatha kalekale. Ambiri sanathe, ndipo deta yake inasamukira m'mapulogalamu atsopano ndi manambala ake awiri omwewo. Boma la America linawerengera kuti kukonza vutoli, lotchedwa Y2K, kunadya ndalama pafupifupi madola 100 biliyoni m'dzikolo lokha.

Kodi mumadziwa kuti Amazon inabwerera dala ku maganizo omanga database potsata pulogalamu? M'nyengo ya Khirisimasi ya 2004 database ya matebulo imene kampaniyo inkadalira inalephera kusenza katundu, ndipo malonda anasokonekera. Mainjiniya atafufuza mmene mapulogalamu awo ankafunsira, anapeza zodabwitsa. Werner Vogels, mkulu wa zaukadaulo pa kampaniyo, anafotokoza pambuyo pake kuti pafupifupi mafunso 70 pa 100 aliwonse ankangopereka kiyi n'kutenga mzere umodzi, ndipo ena 20 ankatenga mizere ingapo m'tebulo limodzi. Mphamvu yolumikiza matebulo, imene ankailipira modula, inkagwira ntchito mwa apo ndi apo. Choncho anamanga Dynamo, imene anaifotokoza poyera mu 2007.

Chimene chimandigwira mtima pa Dynamo ndi chisankho chimene anachita pa dengu la wogula. Anagwirizana kuti munthu akadina kuti aike katundu m'dengu, database isakane zivute zitani, ngakhale makina ena atazima kapena kulumikizana kutaduka. Zotsatira zake n'zakuti nthawi zina pamakhala madengu awiri osiyana a munthu mmodzi, ndipo pulogalamu imawaphatikiza. Powaphatikizapo katundu amene munthu anaika satayika, koma amene anachotsa akhoza kubwereranso. Anadziwa zimenezi, anazilemba poyera, n'kuzivomereza, chifukwa wogula akhoza kuchotsanso buku limene sakulifuna, pamene wogula amene wakanizidwa amapita kwina. Banki singasankhe choncho pa akaunti ya munthu. Sitolo inatha kutero chifukwa inadziwa bwino chimene ntchito yake ingapirire.

Kodi mumadziwa kuti pali database imene buku lake la malangizo limakuuzani kuti muyambe ndi mafunso, matebulo abwere pambuyo? Cassandra inamangidwa ku Facebook ndi Avinash Lakshman, amene anagwirako ntchito ya Dynamo, pamodzi ndi Prashant Malik, pofuna kuti anthu azifufuza mauthenga awo mofulumira. Inaperekedwa kwa anthu onse mu 2008. Mu Cassandra mulibe kulumikiza matebulo. Ngati pulogalamu ikufuna kuona maoda potsata wogula komanso potsata tsiku, mumamanga matebulo awiri n'kulemba oda iliyonse kawiri. Chimene Codd analetsa, apa ndiye lamulo. Google nayo inafotokoza Bigtable mu 2006, ndipo Stonebraker mwini, amene anathandiza kuti matebulo apambane, analemba mu 2005 kuti nthawi yoti mtundu umodzi wa database uzigwira ntchito zonse yatha.

Apa ndinenepo maganizo anga. Achinyamata ambiri ophunzira kulemba mapulogalamu amawerenga za Amazon ndi Facebook n'kufuna kutengera kamangidwe kawo pa pulogalamu ya SACCO ya mamembala 3,000. Makampani aja anasiya matebulo atayeza n'kuona ndi manambala pamene pakupweteka. SACCO ilibe ululu umenewo. Ili ndi wina: chaka chamawa owerengera ndalama adzafunsa funso limene palibe analiganizira, ndipo matebulo ogawidwa bwino ndi amene adzathe kuliyankha. PostgreSQL, mdzukulu wa ntchito imene Stonebraker anayamba ku Berkeley mu 1986, ndi yaulere ndipo imasenza mizere mamiliyoni pa kompyuta wamba.

Kodi mumadziwa kuti vidiyo imodzi inatsala pang'ono kudzadza kabokosi ka manambala? Nambala yosungidwa m'malo a ma bit 32 kawirikawiri imathera pa 2,147,483,647. Mu Disembala 2014 YouTube inalengeza kuti yakulitsa malo owerengera oonera kufika pa ma bit 64, itaona kuti vidiyo ya Gangnam Style ikuyandikira malire amenewo.

Kodi mumadziwa kuti ku England zotsatira za anthu 15,841 opezeka ndi Covid-19 sizinalowe m'chiwerengero pakati pa 25 Sepitembala ndi 2 Okutobala 2020? Bungwe la Public Health England linkasonkhanitsa zotsatira m'mafayilo a Excel a mtundu wakale, amene amathera pa mizere 65,536. Mizere yopyola apo inkangosiyidwa, ndipo anthu amene anakhudzana ndi odwalawo anachedwa kutsatidwa. Chida chimene chinkakwanira pamene oyezedwa anali ochepa sichinakule limodzi ndi mliri.

Kodi mumadziwa kuti munthu wina wa ku California amene anasankha mawu akuti NULL kukhala nambala ya galimoto yake analandira zindapusa zoposa madola 12,000 za milandu ya anthu ena? Mu database NULL ndi chizindikiro chakuti pamalopo palibe chodziwika. Matikiti amene analembedwa opanda nambala ya galimoto ankagwera kwa iye. Nkhaniyi inamveka mu 2019.

Kodi mumadziwa kuti nambala ya foni si nambala? Palibe amene amaphatikiza nambala ziwiri za foni kapena kuzichulukitsa. Mukauza database kuti malowo ndi a manambala, ziro wa kumayambiriro kwa 088 kapena 099 amasowa, ndipo chizindikiro cha + pa +265 sichilowa. Isungidwe ngati mawu. Ndalama nazo zili ndi msampha wake. Makompyuta amasunga manambala a madesimo mongoyandikira, moti m'zinenero zambiri za mapulogalamu 0.1 kuphatikiza 0.2 sizikwana 0.3 ndendende. Kusiyanako n'kochepetsetsa, koma pa maakaunti ambirimbiri kumaunjikana mpaka mabuku osagwirizana. Omanga odziwa ntchito amagwiritsa ntchito mtundu wa DECIMAL, kapena amasunga zonse m'matambala: K1,500.50 imalembedwa 150050.

Kodi mumadziwa kuti chilembo cha ŵ chinkasowa malo m'ma database ambiri? Gulu la zilembo la Latin-1, limene database ya MySQL inkayambira kwa zaka zambiri munthu akapanda kusankha lina, linakonzedwera zinenero za kumadzulo kwa Ulaya ndipo mulibe ŵ. Wolemba Malaŵi ankapeza chizindikiro cha funso pakati pa dzina la dziko lake. Unicode inathetsa vutoli, komabe mtundu woyamba wa utf8 mu MySQL unkalola ma byte atatu okha pa chilembo, moti tizithunzi ta emoji sitinkalowa mpaka utf8mb4 itabwera mu 2010. Vuto lina limakhudza mayina athu okhala ndi ng' kapena m'. Mu SQL kachizindikiro ka pamwamba kameneka (') kamatanthauza kuti mawu athera apa. Pulogalamu yolembedwa mosasamala ikalandira dzina lotere imasokonezeka, ndipo khomo lomwelo ndi limene akuba a pa intaneti amalowera pa chinyengo chotchedwa SQL injection. Ena amathawa vutoli poletsa kachizindikiroko pa fomu, munthu n'kukakamizika kulemba dzina la makolo ake molakwika. Njira yolondola ilipo ndipo ndi yosavuta: dzina litumizidwe ku database palokha, osalisakaniza ndi lamulo. Kwa ine fomu yokana dzina la munthu ndi umboni wakuti omanga sanafunse amene adzalembedwemo.

Kodi mumadziwa kuti pali database ya zipatala imene ili ndi malo olembapo kuti tsiku lobadwa ili ndi longoyerekeza? OpenMRS inayamba mu 2004 mwa mgwirizano wa Regenstrief Institute ya ku Indiana ndi bungwe la Partners In Health, ndipo inayamba kugwira ntchito m'zipatala zosamalira anthu amene ali ndi HIV ku Eldoret, ku Kenya. Oimanga anadziwa kuti agogo ambiri amadziwa nyengo imene anabadwa, monga chaka cha njala kapena cha dzombe, koma osati tsiku ndi mwezi. Database youmirira tsiku lenileni imakakamiza kalaliki kupeka, ndipo chopekacho chimakhala m'kaundula ngati choonadi. Kamalo kamodzi konena kuti izi n'zoyerekeza kamalola kalaliki kunena zoona, ndipo wofufuza wa m'tsogolo amadziwa manambala oyenera kuwakhulupirira.

OpenMRS inachitanso china. Mafunso a kuchipatala amasintha: lero akuyeza CD4, mawa malangizo akuti aziyeza kuchuluka kwa kachilombo m'magazi. M'malo mopatsa muyeso uliwonse malo akeake m'tebulo, anamanga tebulo limodzi lalitali la zopezeka, mzere uliwonse n'kumanena wodwala, chimene chayezedwa, zotsatira ndi nthawi, ndipo pambali pali mndandanda wa matanthauzo umene ungawonjezedwe. Muyeso watsopano ukabwera sagumula chilichonse. Mtengo wake umaoneka potulutsa malipoti, chifukwa kusonkhanitsa mbiri ya odwala ambiri kuchokera m'tebulo lotere n'kolemetsa, ndipo nthawi zambiri pamamangidwa matebulo ena apadera a malipoti.

Kuno ku Malawi, ntchito imene inadzakhala Baobab Health Trust inayamba mu 2001 pa chipatala chachikulu cha ku Lilongwe, chimene lero ndi Kamuzu Central, motsogozedwa ndi Gerry Douglas. Anagwiritsa ntchito makompyuta ongodina pa sikirini, oti wachipatala alembe wodwala ali pomwepo, ndi kapepala ka barcode komata pa kabuku ka kuchipatala. Kapepalako kanayankha funso lovuta kwambiri pa kaundula aliyense: kodi munthu uyu ndi yemwe uja anabwera mwezi watha? Mayina amafanana, kalembedwe kake kamasiyana, ndipo ambiri adiresi yawo ndi mudzi, T/A ndi boma, osati msewu ndi nambala ya nyumba. Pambuyo pake pulogalamu yawo ya m'zipatala za ma ARV inatenga kamangidwe ka database ka OpenMRS.

Kodi mumadziwa chimene chimateteza ndalama zanu pamene zili pakati pa foni ziwiri? Kutumiza ndalama pafoni ndi zochita ziwiri: kuchotsa kwa wotumiza ndi kuika kwa wolandira. Magetsi akazima pakati pa ziwirizi, ndalama siziyenera kusowa kapena kupezeka mbali zonse. Database imamanga ziwirizo kukhala transaction imodzi, yoti ichitike yonse kapena isachitike n'komwe. Imayamba yalemba m'kaundula wapadera zimene ikufuna kuchita, ndipo ikadzuka pambuyo pa ngozi imawerenga kaundulayo n'kumaliza kapena kubweza. Jim Gray, amene anagwira ntchito yaikulu pa mfundo zimenezi, analandira mphotho ya Turing mu 1998. Koma database siidziwa yokha kuti zochita ziti ziyenera kuyendera limodzi. Wolemba pulogalamu ndi amene amaiuza poyambira ndi pothera.

Kodi mumadziwa kuti database yofala kwambiri pa dziko lonse ili m'thumba mwanu? Mu 2000 D. Richard Hipp ankagwira ntchito pa pulogalamu ya sitima ya nkhondo ya asilikali a pamadzi a ku America. Pulogalamuyo inkadalira database ya Informix, yoyenda payokha ngati seva, ndipo sevayo ikagwa pulogalamu inkaima. Hipp anaona kuti pulogalamuyo sinkafuna zambiri, inkangofuna kuwerenga deta yake pa disiki. Choncho analemba SQLite, database yokhala m'kati mwa pulogalamu momwemo, yosunga zonse mu fayilo imodzi, yosafuna munthu woiyang'anira. Anaipereka kwa anthu onse popanda kusunga umwini. Lero ili mu foni iliyonse ya Android ndi iPhone, mu Chrome ndi Firefox, ndipo oisamalira amawerengera kuti ma database a SQLite amene akugwira ntchito ndi oposa 1 thiriliyoni. Sinamangidwe kuti anthu zikwizikwi azilembamo nthawi imodzi, imalola wolemba mmodzi pa nthawi, ndipo oimanga amanena zimenezi poyera. Library of Congress ya ku America inaiika pa mndandanda wa mitundu ya mafayilo yoyenera kusungiramo deta kwa nthawi yaitali, ndipo oisamalira analonjeza kupitiriza kuisamalira mpaka chaka cha 2050.